Agogo Anu Atatsala ndi Liwu Limodzi

Chithunzicho chibwezere pakhoma, Tadala, manja akowo ali fumbi lokhalokha. Wafunsa kuti agogo ako aakazi pakamwa pawo panapotoka bwanji, ndipo ndaona mayi ako akukutsina kuti ukhale chete. Msiye mwana, Rute, wafunsa bwino. Sunthirani kuno nonse. Manja azitonola chimanga, makutu akhale kwa ine. Iwe wa foniwe, kaike pansi kachinthu kakoko, sikathawa.

Ana inu munabadwa iwo atapita kale, ndiye mukaona chithunzichi mumayesa anali munthu wofatsa. Dzina lawo anali Esitere, ndipo kufatsa sankakudziwa. Mayi amene uja ankadzuka ndi nkhani, n'kugona ndi nkhani. Akakhala kuchitsime, ife kunyumba kuno tinkamva kale kuti mbuzi ya ndani yadya nandolo wa ndani. Kutchalitchi ndiwo ankayambitsa nyimbo, pamaliro ndiwo ankatonthoza anamfedwa, ndipo pamtondo ankapeka nyimbo zonena anthu mpaka wonenedwayo kuseka yekha. Ndinawaona koyamba pamsika wa ku Jenala akugulitsa kalongonda. Inu kalongonda simumudziwa, mwazolowera tokazinga ta m'mapepala. Ndi nyemba zikuluzikulu zofuna moto wa tsiku lonse, madzi ake n'kumataya kangapo, apo ayi mutu umazungulira ngati wamwa kachasu. Ine ndinangoima kuti ndigule, koma iwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuuza anzawo mokweza kuti mnyamata uyu malaya wavala motembenuza. Sananame. Ndinachita manyazi, koma tsiku la msika lotsatira ndinabweranso, malaya nditavala bwino.

Kwathu kwenikweni ndi kumunsi uko, kuchigwa, kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Kuno ndinabwera ndi banja, monga mwa mwambo wathu kuti mwamuna amatsata mkazi n'kumanga pamudzi pa eni. Malo ano, munda uwo, mitengo ya mango iyo, zonsezi ndi za mbumba ya agogo anu. Ine changa chinali njinga. Ndinkapita nayo kunyanja kukapikula matemba, n'kuwadzaza mumtanga waukulu kumbuyo, n'kumayenda nawo m'misika mpaka ku Boma. Masiku ano mumakwera njinga zamoto, fumbi kobo, mwafika. Ife nthawi ya dzinja dothi la makande linkamata matayala mpaka njinga kukana kuyenda, ndiye umaisenza paphewa ndi mtanga womwe, iwe n'kusanduka njinga ya njinga yako.

Zimene ndikukuuzanizi zinachitika matipate atangoyamba kumene. Inu simungamvetse mmene zinalili. Anthu amene kale ankanong'ona ngakhale ali m'nyumba mwawo anayamba kukangana zandale pamsika, masana dzuwa likuswa mtengo. Agogo anu zinawakomera kwambiri, moti ankatsutsana ndi wailesi ngati akutsutsana ndi munthu. Koma mvula zaka zimenezo inkavuta, ndipo nyanja inayamba kuphwa. Madzi akamachepa nsomba zimaunjikana m'zithaphwi, ana omwe n'kumazigwira ndi manja. Ine ndinayenda maulendo ambiri chaka chimenecho, osapuma, ndipo pamene anzathu nkhokwe zawo zinali zopanda kanthu, ine ndinafolera nyumba ino ndi malata. Akuluakulu amati mkamwini asamakule mwendo. Ine mawu amenewo ndinkawamva ngati nthabwala.

Tsikulo linali la m'chilimwe, dzuwa litakwera ndithu. Ine ndinkamata chubu pakhonde pano, iwo ali apo pali mtengo wa mapapaya, akusenda chinangwa choti tiyanike makaka, uku akundifotokozera za mlandu wa nkhuku wa kwa aneba. Nkhaniyo inadukira pakati. Ndinamva mpeni ukugwera m'beseni, kenako zii. Chimene chinandidzidzimutsa ndi chete ameneyo, chifukwa pakhomo pano sitinkamudziwa. Nditatembenuka ndinawaona atapendekera kumanja, dovu likutsika, maso ali pa ine.

Tinawanyamula pamachila a nsungwi mpaka kumsewu, kenako galimoto ya matola inatifikitsa kuchipatala cha mishoni. Adokotala anati ndi sitiroko: magazi ankathamanga kwambiri kwa nthawi yaitali ife osadziwa, mpaka mtsempha wina m'mutu unavulala. Mkono wamanja ndi mwendo wamanja zinali zitafa. Patapita masiku, Rute akuwamwetsa phala, anawafunsa ngati lakoma, ndipo iwo anati, "Eya." Tinasangalala, ine mpaka ndinatuluka panja kukauza anthu osawadziwa kuti akazi anga ayamba kulankhula. Koma tsiku linapita, lina linapita, liwu n'kukhala lomwelo. Mukumva kuwawa? Eya. Mwakhuta? Eya. Tiwonjezere? Eya. Mawu onse aja, nyimbo zonse zija, panatsala kameneka basi.

Titabwerera kumudzi tinapeza nkhani itafika kale. Agogo anu anali ndi mchimwene wawo wamkulu, a Makiyi, amene anali mwini mbumba pano. Musawaone ngati munthu woipa. Bambo awo atamwalira, a Makiyi ndi amene analera mlongo wawoyo, ndipo atamupeza ali gone pamphasa, osatha kutchula ngakhale dzina lawo, analira ngati mwana. Munthu akalira chotero amafuna woti amuloze chala. Anapita kwa woombeza wina kuseri kwa phiri, ndipo anabwerako ndi yankho lakuti lilime la mlongo wawo latengedwa ndi munthu wa m'nyumba momwemo, wokhwimira geni. Malata aja anali akuwala padenga, aliyense akuwaona.

Anaitanitsa abale pansi pa mtengo wa mango uwo. Agogo anu anachita kuwanyamula n'kuwatsamiritsa kutsinde. Ankhoswe anga anali kutali, ndipo palibe anafuna kuwadikira. A Makiyi anagwada pafupi ndi mlongo wawo n'kufunsa mofatsa ndithu:

"Chemwali, musaope munthu, tonse tili pano. Kodi amene wakuchitani zimenezi ndi amuna anuwa?"

"Eya."

Ndinauza anthu kuti liwu limenelo amalinena pa chilichonse, afunseni china muone. Rute nayenso ananena zomwezo akulira, koma nthawi imeneyo anali mtsikana wa sukulu, ndipo anamuuza kuti za akulu asalowerere. A Makiyi anati munthu wavomera ndi pakamwa pake pamaso pa mbumba yonse, tikufunanso umboni wanji, mkamwiniyu achoke pamudzi pano. Pamene ndinkaimirira, agogo anu anatambasula dzanja lamanzere, lamoyo lija, n'kugwira buluku langa mwamphamvu. Mayi wina anati taonani, wagwira mfiti yake. Anachita kuwamasula zala chimodzichimodzi kuti ndichoke.

Ndinatenga njinga ndi bulangete, n'kukafikira kwa mlongo wanga kuchigwa. Nyanja inali itaumiratu. Pamene kale pankayenda mabwato anthu ankadutsa ndi miyendo, mabwatowo ali gada pamatope ong'aluka. Ntchito panalibe. Ndinkakhala pakhonde la eni n'kumaganiza kuti kaya wawatembenuza ndani lero, kaya wawathamangitsira ntchentche ndani. Chimene chinkandiwawa kwambiri sikunali kutchedwa mfiti. Ine ndinaona maso awo pamene liwu lija linkatuluka. Iwo anamva zimene pakamwa pawo pananena.

Rute uyu, ngakhale mumamuona wofatsa, mtima anatengera mayi ake. Anatuma uthenga kudzera mwa wakabaza wina kuti kuchipatala kumabwera anthu a mafizo ochokera ku Blantyre, ndipo tsiku lakutilakuti adzapitako ndi mayi ake. Anawonjezera kuti chipatala si cha amalume.

Ndinawapeza pakhonde la chipatala, pakati pa ana opuwala miyendo ndi nkhalamba zoyendera ndodo. Anali ataonda, duku litapendama pamutu. Atandiona anayamba kunena kuti eya, eya, eya, mofulumira, misozi ikutsika. Ndinangokhala pansi pafupi nawo n'kuwakonza dukulo.

Mafizo, kwa inu amene simudziwa, ndi ntchito yophunzitsanso thupi zimene laiwala. Amene anatilandira anali mayi Gondwe, munthu wa kumpoto, wamfupi, Chichewa chake chomveka cha kwawo. Anatiuza poyera kuti iwo ntchito yawo yeniyeni ndi ya manja ndi miyendo, ndipo akatswiri a zolankhula ngakhale m'tauni ngosowa, koma pali zina zimene anaphunzira ndipo ayesa. Anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana ndi agogo anu, maondo kugundana. Chiyambire matendawa, ameneyu anali mlendo woyamba kulankhula ndi iwo eni ake, osati ndi ife owaperekeza.

"Mayi, dzina lanu ndi Esitere?"

"Eya."

"Dzina lanu ndi Yohane?"

"Eya."

Atangotero agogo anu anadzimenya pantchafu ndi dzanja lamanzere, nkhope itakwinyika. Mayi Gondwe anagwedeza mutu ngati apeza chimene ankafuna. Anaika patebulo kapu, supuni ndi chipeso, n'kuwapempha chipeso. Agogo anu anatola chipeso. Anapempha supuni, iwo anatola supuni. Kenako mayi aja anatembenukira kwa ine ndi Rute n'kutiuza kuti munthuyu nzeru zake zilipo, akumva zambiri zimene tikunena, ndipo chimene akufuna kunena akuchidziwa. Chawonongeka ndi njira yochokera m'mutu kufika pakamwa. Anatifunsa ngati tikukumbukira mmene napolo anakokololera milatho kuno. Midzi inalipo tsidya lino ndi tsidya linalo, anthu ali moyo, koma powolokera panalibe. Anati ntchito yathu tsopano ndi kufuna powolokera pena.

Rute anawafotokozera za mlandu wa pansi pa mtengo wa mango. Mayi Gondwe anati iwo za kumudzi sangaweruze, koma angathe kuthandiza kuti mwini wake adzayankhe yekha.

Anatuma Rute panja kukatola mwala ndi chitsononkho. Chitsononkho chinali eya, mwala unali ayi. Tinkafunsa zinthu zodziwikiratu: kodi kunja kuli dzuwa, kodi uyu ndi Rute, kodi ng'ombe imauluka. Pakamwa pankanenabe eya, koma dzanja linayamba kusankha, ndipo pang'onopang'ono linasiya kuphonya. Anatipatsanso malamulo, ndipo ndikufuna nanunso muwamve, makamaka iwe Madalitso amene umamalizira mawu mng'ono wako akachita chibwibwi. Anati tisamawakuwire, pakuti si ogontha. Tisamalankhule nawo ngati khanda. Tizifunsa chinthu chimodzi, kenako tizidikira, ngakhale kudikirako kutiwawe. Kudikira kumeneko n'kovuta kuposa kusenza njinga m'makande. Umaona munthu akuvutika kufuna liwu limene iwe ukulidziwa, lili pamlomo pako penipeni, koma uyenera kulimeza.

Panalinso kalilole wamng'ono woti aziona milomo yawo ikamatseka ndi kutsegula, potsanzira ya Rute: ma, pa, ba. Masiku ena sizinkatheka n'komwe, iwo n'kukankha kaliloleyo, kutembenukira kukhoma. Ine zimenezi ndinkaziona pa masiku a mafizo okha. Zina zonse Rute ankachita yekha kunyumba, pakati pa kutunga madzi, kuphika ndi kusambitsa mayi ake. Sukulu anasiyira pomwepo, mwana amene aphunzitsi ankati adzafika patali.

Pochokera kuchipatala ndinkawakweza panjinga yanga, titawamanga ndi chitenje kumsana kwanga kuti asagwe, Rute akubwera pambuyo pa kabaza. Tikafika pamphambano ya kumudzi kuno ndinkaima, n'kuwamasula, n'kuwapereka kwa wakabaza. Ndinkaima pomwepo mpaka duku lawo litabisika ndi mitengo, kenako n'kutembenuza njinga kulowera kuchigwa. Ndayenda maulendo aatali m'moyo wanga ndi katundu wolemera, koma palibe umene unanditopetsa ngati umenewo, wa njinga yopanda kanthu.

Ulendo wina mayi Gondwe anafunsa kuti mayiwa asanadwale ankakonda chiyani. Ine ndi Rute tinayankhira pamodzi kuti kuimba. Anati tayambitsani ina. Rute anayamba nyimbo ya kutchalitchi motsitsa mawu, mwamanyazi pakuti panali anthu. Asanafike pakati, ndinamva liwu lachiwiri likulowa. Linali losasa, lokokera mbali imodzi, koma mawu onse analimo, ndime yonse, osaphonya. Ana inu, ine ndinagwira khoma. Nyimbo itatha ndinafunsa mofulumira kuti amake Rute, mwabwerera? Iwo anatsegula pakamwa n'kunena kuti eya, ndipo tonse awiri tinadziwa kuti ndi eya wakale yemwe uja.

Mayi Gondwe anati tisataye mtima. Nyimbo imayenda njira yakeyake m'mutu, ndipo mawu ena angathe kukwera pa nyimbo ngati munthu wokwera matola. Anatiphunzitsa kutenga mawu afupiafupi a tsiku ndi tsiku, monga akuti ndikufuna madzi, n'kuwaimba pang'onopang'ono, uku tikugunditsa dzanja lawo lamanzere pabondo, kugunda kumodzi pa kachidutswa kalikonse ka liwu. Kenako nyimboyo umaichepetsa, umaichepetsa, mpaka patsale kulankhula. Rute anasankha kaimbidwe ka pamtondo, kamene mayi ake anakazolowera. Mawu amene awiriwo ankaphunzira kuseri kwa nyumba masiku amenewo, ine sanandiuze.

Mvula yoyamba itagwa, anthu ali kalikiliki kubzala, Rute anapita kwa amalume ake n'kugwada, nati amayi ali ndi mawu, ndipo akufuna bambo akhalepo. A Makiyi anakana poyamba, koma akazi awo anawauza kuti kumva sikupha munthu. Ndinaitanidwa. Ndinaima chapatali ndi njinga yanga, ngati wogulitsa nsomba wongodutsa.

Agogo anu anatuluka okha m'nyumba, akukoka mwendo, ndodo ili kudzanja lamanzere. Atakhala pansi pa mtengo uja, Rute anaika mwala ndi chitsononkho patsogolo pawo n'kufotokozera anthu tanthauzo lake. A Makiyi anayesa ndi mafunso awoawo, za mayina a makolo, za malire a munda, ndipo dzanja silinaphonye. Kenako anafunsa funso lija, mawu ake omwe aja. Pakamwa panati eya. Dzanja linatola mwala, n'kuukweza m'mwamba kuti aliyense aone, n'kuumenyetsa pansi.

Wina anati nanga tikhulupirire chiti, pakamwa kapena dzanja? Anthu anayamba kung'ung'udza. Agogo anu anatseka maso n'kuyamba kugunda bondo. Anagunda nthawi yaitali popanda chotuluka, milomo ikunjenjemera, ndipo ndinaona Rute akudziluma mlomo kuti asawathandize. Kenako mawu anatuluka, mwa kaimbidwe ka pamtondo, kachidutswa kamodzikamodzi:

"A-ba-mbo a Ru-te a-bwe-re. A-li-be mla-ndu."

A Makiyi anayang'ana pansi nthawi yaitali. Sanapepese, ndipo mpaka imfa yawo nkhaniyi sitinaikambenso. Anangodzuka, n'kubwera pamene ndinaima, n'kugwira handulo ya njinga yanga, nati, "Alamu, njinga siima padzuwa, matayala aphulika." Anaikankha okha mpaka pakhonde lino.

Musaganize kuti kuyambira pamenepo zonse zinayenda. Mawu anabwerera ochepa, ngati mbewu zomera m'munda wokokoloka, apa imodzi, apo ziwiri. Liwu lakuti ayi linabwera. Mayina a anthu anabwera, ngakhale nthawi zina ankasinthana, Rute n'kumaitanidwa dzina la mng'ono wawo amene anamwalira kalekale. Chodabwitsa n'chakuti mawu ena anabwera m'Chilomwe, chimene anasiya kulankhula ali mtsikana. Tsiku lina anavutitsana ndi Rute akunena kuti maahi, maahi, mwana n'kumabweretsa mafuta, mango, makaka, iwo n'kumakankha. Ine pofika ndinangotunga madzi mumtsuko n'kuwapatsa. Inu Chilomwe mumangochimvera pa magule, simudziwa kuti makolo athu anawoloka nacho kuchokera ku Mozambiki chili chinenero cha m'nyumba. Kuyambira pamenepo tinkacheza nacho awiri, mawu awiri atatu, ngati ana ophunzira kuyenda.

Patapita nthawi galimoto ya mafizo inasiya kubwera. Tinapita ulendo wina n'kudikira pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, kenako wina anatiuza kuti thandizo lake linatha. Mayi Gondwe sitinawaonenso, ngakhale kutsanzikana. Tinapitiriza tokha zimene anatisiyira. Nyanja inadzazanso, koma ine maulendo aatali ndinasiya. Ndinkalima pafupi, kuti akagogoda ndodo pachitseko ndimve. Rute atakwatiwa n'kuyamba kusamala banja lakelake, ndinaphunzira kuphika, kuchapa, ngakhale kusinja. Anthu omwe aja ankati ndine mfiti tsopano ankati ndinadyetsedwa khuzumule. Ndiwo zanga zoyambirira zinali zomvetsa chisoni. Tsiku lina analawa masamba a nandolo amene ndinaphika, n'kundiyang'ana monga anandiyang'anira pamsika paja, n'kunena momveka bwino, popanda nyimbo, popanda kugunda bondo, kuti, "Mchere." Tinaseka mpaka kutsamwa. Liwu limenelo silinawavutepo ngakhale tsiku limodzi pambuyo pake.

Chimene sichinachire ndi anthu. Azimayi amene kale ankadzaza pakhonde pano kudzamva nkhani anayamba kubwera mwa apo ndi apo, kenako n'kumangopereka moni ali panjira. Obwerawo ankafunsa ine kuti kodi adya, kodi agona bwanji, mwini wake ali pomwepo akuwayang'ana. Sindikuwada, kucheza ndi munthu wosayankha msanga kumafuna mtima. Koma ndinkaona agogo anu akamva kuseka kuchitsime, mutu n'kutembenukira komweko, milomo ikuyenda. Nkhani anali nazo. Kutchalitchi kokha n'kumene ankakhala munthu wathunthu, pakuti nyimbo ikayamba palibe ankawasiyanitsa ndi ena. Ikatha, anzawo n'kuyamba kucheza panja, iwo ankandikoka malaya kuti tizipita. Chithunzi chija tinajambulitsa Lamulungu lina lotero, wojambula woyenda panjinga atafika patchalitchi. Anawauza kuti amwetulire. Chimene waona apocho, Tadala, n'kumwetulira kwawo.

Tinakhala choncho zaka zingapo, mpaka chaka cha njala ija mumamva akuluakulu akuitchula, imene anthu anadya gaga ndi zitsa za nthochi. Thupi lawo linafooka, mankhwala a magazi nawo ankapezeka mwa apo ndi apo. Mawu amene tinawasonkhanitsa movutikira anayamba kuthothoka limodzilimodzi. Chimanga chili pafupi kucha m'munda, anayamba kufuna kundiuza kanthu.

Ankandigwira dzanja, n'kundiyang'ana, n'kuyamba kuti, "Inu... inu..." Pamenepo n'kuima. Ankagunda bondo, koma nyimbo sinabwere. Ine ndinkadikira monga ndinaphunzitsidwira, ndipo kudikira kukalephera ndinkayamba kufunsa. Kodi ndi za Rute? Ayi. Za munda? Ayi. Pali pamene pakuwawa? Ayi. Mukufuna abusa? Mukufuna a Makiyi? Mwalota zoipa? Mukuopa? Ayi, ayi. Ndinawabweretsera zinthu za m'nyumba chimodzichimodzi kuti aloze. Ndinawanyamula kuwatulutsa panja, kuti mwina chimene akufunacho chili kunja. Iwo ankangoloza ine pachifuwa, n'kubwereza liwu lomwe lija. Ndinafunsa ngati ndawalakwira. Pamenepo anakwiya, anati ayi mwamphamvu mpaka kutsokomola. Masiku anapita chotero. Potsiriza anatopa, anangondisisita dzanja ngati akuti zisiyeni.

Sitiroko yachiwiri inawapeza m'mawa wina ndikuwaphikira phala la chimanga chachiwisi. Sanadzukenso. Tinawaika kumanda a mbumba yawo kuseri uko. Mwa mwambo, mkazi akamwalira mwamuna amasudzulidwa kuti abwerere kwawo, koma a Makiyi anaimirira pamaliro n'kuuza anthu kuti mlamu wawo sachoka pamudzi pano mpaka naye adzagone pomwepo. N'chifukwa chake munandipeza pano.

Rute amati ndizisiye, zinapita. Koma mutu wa nkhalamba suuzidwa. Ndikamapalira, kapena ndikamakonza njinga za anthu, ndimapeza funso lina limene sindinawafunse, ndipo ndimaima n'kuliyesa. Ambiri ndimawataya. Chaka chatha, nditadwala chifuwa chija, Rute ankanditembenuza pamphasa, n'kumandimwetsa phala, n'kumachapa zofunda zanga. Tsiku lina ndinayang'ana nkhope yake yotopa, ndipo ndinamva pakamwa panga pakuyamba pokha kuti iwe, iwe. Ndinkafuna kumufunsa ngati sindinamutopetse, koma manyazi anandigwira, funsolo linakana kutuluka. Pamenepo m'pamene ndinaganiza kuti mwina n'zimene agogo anu ankafuna kundifunsa.

Sindingadziwe. Koma ngati linali funso limenelo, ndikanawayankha bwino. Ndikanati, amake Rute, msana unkatopa, koma ine ayi.